Dzina la Panyin

"Zonse ndi zomwezi?" anafunsa Bra Ekow, wotaipa makalata pafupi ndi msika wa Takoradi, akugwedeza kapepala ka Kakra. "Umagulitsa nsalu pabenchi la amayi ako, umaimba kwaya. Mlongo, kuhotela sakufuna nyimbo. CV imanena kumene unagwirako ntchito, chaka chake, ndi munthu wokuchitira umboni."

"Nanga ndilembe chiyani? Kwina sindinagwireko."

Bra Ekow anayang'ana kukhomo, kenako anatembenuza kompyuta. Pagalasi panali nkhope ya Kakra yeniyeni, koma dzina linali la Panyin, mkulu wake wobadwa naye mapasa, amene anafa pangozi ya basi chaka chatha. Pansi pa dzinalo panalembedwa sukulu ya zamahotela ndi ntchito yolandira alendo ku Accra.

"Anataipitsa pompano. Sindinafufute. Tingosintha nambala ya foni, basi."

Kakra anakana n'kubwerera kwawo. Koma atawafotokozera amayi ake, iwo sanakwiye. Analowa kuchipinda n'kutulutsa masatifiketi a malemuyo pamodzi ndi diresi lake labuluu.

"Mwana wanga anavutikira mapepalawa. Ndiye adyedwe ndi chiswe?"

Diresilo linamukwana ngati anamuyeza.

Abwana a hotela anawerenga CV ija akugwedeza mutu. "Panyin Eshun. Tsamba limodzi, zomveka bwino. Uyambe Lolemba."

Masiku oyamba anzake akaitana kuti "Panyin!" ankachedwa kucheuka, iwo n'kumamuseka kuti ndi gonthi. Posakhalitsa anayamba kucheuka asanamalize n'kuitana komwe.

Tsiku lina masana kunafika mlendo wochokera ku Accra. Atamuona pakauntala anagwetsa chikwama.

"Panyin! Anthu anati unafa! Ine ndinalira, ukudziwa?"

Abwana anali chiimire pambali, akumvetsera. Kakra anamva pakamwa pake pakutuluka kaphwete kakang'ono, kamene ankaseka Panyin yekha.

"Anakunamizani. Anafa ndi mng'ono wanga, Kakra."

Mlendoyo anapepesa, abwana anamusisita Kakra paphewa. Iye anapitiriza ntchito mpaka nthawi yoweruka.

Atafika kunyumba anapeza amayi ake pakhonde akucheza ndi mayi wina wongosamukira kumene m'deralo.

"Uyu ndiye wa kuhotela uja," anatero amayi ake monyadira. "Mnzake anatisiya. Anali wofatsa, ankandithandiza kugulitsa nsalu. Mawu ake pakwaya, mayi, mukanamumva!"

Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Inali misozi yeniyeni.

Mayi uja atapita anakhala pansi kudya kenke, nsima yowawasa ya kumeneko, ndi nsomba. Kakra anayang'ana amayi ake nthawi yaitali.

"Amayi, ndine Kakra."

Iwo sanadzutse mutu. Anachotsa minga pansomba n'kumuikira m'mbale.

"Panyin, usamatchule malemu tikudya."

Kakra anatsegula pakamwa, koma sanadziwe kuti atsutse ndi mawu a ndani. Anatenga nsomba ija n'kudya.