Nsalu ya Ubatizo wa Argyro

Lachitatu limenelo ntchito zinamudzutsa Stamatia kusanache: kuchapa zovala za mwana, kukolopa masitepe a nyumba yonse poti inali sabata yake, kuthamangira kumsika wa mumsewu agogo a manja achangu asanasankhe tomato yense wabwino, kuphika mphodza, kusita malaya akuda a mwamuna wake, kenako kupukuta paliponse pamene chala cha mayi Evdokia chingafike.

Mayi Evdokia ndiwo anaimira Argyro, mwana wa Stamatia, pa ubatizo Lamlungu. Ndiwo anamudzoza mafuta a maolivi thupi lonse wansembe asanamumize, ndiwonso anamulandira m'nsalu yoyera akulira ngati wapsa. Tsiku lachitatu nsalu imeneyo imakachapidwa kunyanja, kuti mafuta odalitsidwa asatsikire m'mipope pamodzi ndi madzi otsukira mbale. Zimenezi ngakhale amphaka a m'dera lawo la Kypseli amazidziwa.

Stamatia atatsegula kabati, nsalu munalibe. Anaimbira foni mwamuna wake.

"Anestis, nsalu ya mwana ili kuti?"

"Usayambe kukuwa, tamvera kaye. Unaona zimene mafuta aja ajambula? Kamutu, kamsana, tizidendene..."

"Ndafunsa kuti ili kuti."

"Ili pakhoma. M'galasi. Ukudziwa kuti chionetsero cha zojambula tikutsegula madzulo ano. Periklis, mwini malo a chionetsero, akuti pa zonse zimene ndabweretsa, chamoyo ndi chokhachi."

Anestis anaphunzira zojambula zaka zambirimbiri kusukulu yaikulu. Stamatia anasiya sukulu asanalembe mayeso omaliza, choncho panali zambiri zimene sankazimvetsa, monga chifukwa chake munthu wa mapepala onse aja angadikire khanda losamera mano kuti limujambulire chithunzi chabwino.

Mayi Evdokia atafika n'kumva nkhaniyo, anaika bokosi la makeke patebulo, osakhala pansi n'komwe.

"Nyamula mwana. Tiye."

Nyumba ya chionetsero ku Metaxourgeio kale inali galaja yokonzera magalimoto. Anangoipaka utoto woyera, fungo la girisi n'kulisiya. Pakhomo panali mulu wa mipando yothyoka, woletsedwa kuukhudza. Pakona kanema ankaonetsa bambo wina akutafuna buledi wosatha. Chapakati panali mutu wa chiboliboli cha makedzana atauveka chipewa cha njinga yamoto. Anthu onse anavala zakuda ngati pamaliro, kungoti pamaliro pamakhala pokhala. Apa anaimirira ndi matambula a vinyo, akupendeketsa mitu ngati nkhuku zomvera mvula.

Nsalu ya Argyro inali pakhoma lalikulu, nyali yakeyake ikuiwalira. Pansi pake analembapo kuti "Thupi Lachoka". Pambali anamatapo kadontho kofiira.

Periklis, mwini malowo, munthu wovala mpango m'khosi m'mwezi wotentha wa Juni, anabwera atatambasula manja.

"Mkazi wa katswiri wathu! Mwaona kadonthoko? Yagulidwa! Mayi Aspasia awa akaipachika m'chipinda chodyera, kunyumba kwawo ku Kifisia."

Mayi Aspasia, amene amuna awo anali ndi sitima zapamadzi, anamugwira Stamatia pamkono ndi zala zodzaza mphete.

"Mwamuna wako ali ndi dzanja, mwana wanga. Chikasu chimenechi anachisakaniza bwanji?"

"Sanasakanize kanthu, mayi. Ndi mafuta a ubatizo. Kamsanako ndi ka uyu ndanyamulayu."

"Ubatizo... weniweni? Wa kutchalitchi?"

"Wa Lamlungu lomweli," anayankha mayi Evdokia. "Ndinadzoza ndekha ndi manja awa. Botolo lonse, sindine wouma manja ine."

"Ndiye kuti simunachape?"

"Tikanachapa nthawi yanji," anatero Stamatia, "a katswiri ataizembetsa ine ndikukolopa masitepe?"

Mayi Aspasia anabwerera m'mbuyo n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda katatu, mwachangu mpaka zibangili zinalira.

"Namwali Woyera! Iwe Periklis, umafuna ndizidya nsomba pansi pa mafuta a mwana wa eni ake? Ndili ndi zidzukulu inetu!"

"Mayi, tanthauzo lake lagona pomwepo. Ntchitoyi ikufunsa za malire a chopatulika ndi..."

"Kafunse malirewo kunyumba kwa amako."

Anestis anafika thukuta lili kamukamu, malaya ositidwa bwino aja atamatirira kumsana. Analankhula motsitsa mawu kuti anzake asamve.

"Stamatia, chonde. Aka n'koyamba kuti munthu agule changa. Milungu itatu yokha, chionetsero chikatha ndikachapa ndekha."

"Ikatha milungu itatuyo ikupita ku Kifisia, wamva wekha."

"Ndikambirana nawo..."

Stamatia anamuyang'ana. Chisoni chinamugwiradi, pakuti ankadziwa zithunzi zonse zimene zinaunjikana kuseri kwa bedi, zosafunidwa ndi munthu. Koma chisoni sichichapa nsalu. Anamupatsira mwana m'manja, n'kuchotsa pakhoma felemu ya nsalu ija. Inali yolemera kuposa mmene ankaganizira. Inapulumuka, galasi n'kumwazika pasimenti.

Anthu onse anatembenuka. Kanema yekha ndiye anapitiriza kutafuna buledi. Anyamata a ndevu, omwe pa khofi amalengeza kuti Mulungu kulibe, anadumphira kumbali kuopa kuponda nsaluyo. Mmodzi analowetsa dzanja m'jekete n'kudzilemba mtanda, akunamizira kukanda pachifuwa. Mtsikana wina wometa mpala anagwada n'kuyamba kuchotsa timagalasi pamwamba pake, kamodzikamodzi, akunong'ona kuti agogo ake akanamupha akanamva kuti anangoimirira.

Amene anawatengera kunyanja ku Faliro anali mayi Aspasia omwewo, pagalimoto yawo yonunkhira chikopa, akumukalipira dalaivala kuti afulumire dzuwa lisanalowe. Stamatia anakwinya diresi n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo. Anaviika nsalu, kufikisa, kuviikanso. Mafuta anayandama ngati timaso tating'ono, mafunde n'kuwatenga. Kumtunda mayi Evdokia ankapemphera kwinaku akulangiza kuti pakona apo sipanayere, mayi Aspasia akuvomereza ngati anachapapo kanthu chibadwire.

Anestis anaima pamchenga ndi mwana paphewa, maso ali pamadzi.

"Koma kuwalaku, Stamatia... Munthu atajambula kanema pompano..."

"Ungoyerekeza kutulutsa foniyo, nawenso ndikuchapa."

Sanaitulutse.

Zonse zinadya motere. Galasi ndi felemu, mayuro zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu, olipira Anestis. Mayuro zikwi ziwiri a mayi Aspasia anabwerera m'chikwama chawo, m'malo mwake anatumiza kamtanda ka siliva ka mwana. Nsapato imodzi ya mayi Evdokia inapita ndi funde, ndipo akuti tsiku lililonse Anestis angawagulire zina alandira. Periklis sakuyankhanso foni. Sopo anali wa kunyumba.