Sopo wa Sabata Imodzi

Sikuti anamunamiza ayi — kapena anamunamiza, chabwino, koma mawu awiri okha, ndipo ndani padziko pano amene sananamizepo mng'ono wake mawu awiri? Mayi Sopo, monga ankamutchulira onse a mumsewu wake, anali m'kachipinda kakuseri akutembenuza zidutswa za sopo pa mashelefu, chimodzichimodzi, kuti mphepo izimenye mbali zonse, koma m'mawa umenewu manja ankangogwira okha, mutu uli kusitolo yaikulu kumene mng'ono wake anapatsidwa tebulo loti aonetserepo sopo wa makanda "amene anamutulukira yekha." Yekha! Mawuwo anali pa kapepala koitanira anthu, osindikizidwa bwinobwino, opanda ndi manyazi omwe.

Anali kuti mng'onoyo zaka ziwiri zija, pamene mwana wa Mayi Sopo ankadzikanda mpaka magazi, sopo aliyense wogula akungomuwonjezera moto? Anali kuti pamene iye ankasakaniza mafuta ndi soda waukali wopangira sopo m'ndowa, kulakwitsa, kutaya, kuyambiranso, kuthiramo phula la njuchi, kulichepetsa, mwamuna wake akuseka kuti nyumba yasanduka fakitale yopanda bwana, manja akusupuka mpaka mphete kukana kulowa? Ndipo chinsinsi chenicheni sanachiwerenge m'buku: chidutswa china chinaiwalika pamwamba pa kabati milungu isanu ndi umodzi, ndipo chimenecho ndicho chinaziziritsa khungu la mwana. Sopo ameneyu safuna phuma. Akamachoka m'chikombole amaoneka wosalala, wokongola, koma soda amakhala akadali wamoyo m'kati, amawotcha, ndipo sopoyo ayenera kukhala pa shelefu milungu yonseyo kuti ukali uthe.

Mng'onoyo anabwera ntchito itamuthera, maso ofiira, ndipo Mayi Sopo anamuphunzitsa ndi mtima wonse — inde, ndi mtima wonse, zimenezo asamulande munthu — muyeso wa mafuta, katakasidwe kake, nthawi yothira phula. Mtima unayamba kuwawa tsiku limene anamupeza akujambula zikombole ndi foni, kenako akufunsa kumene amagula phula, kenako mayina a amayi amene amagula, zonse mwakachetechete, ngati mbewa m'kabati. Ndiye pochoka, chikwama chili kale paphewa, mng'onoyo anafunsa.

"Nanga sopoyu aziuma masiku angati, achemwali?"

"Sabata imodzi."

Basi. Ankaganiza kuti sopoyo adzakhala wofewa, adzasungunuka m'beseni, anthu adzadandaula, mng'onoyo adzabwerera mutu uli pansi, ndipo iye adzamuuza zoona uku akumuseka pang'ono. Za makanda sanaganize. Kapena anaganiza — apa ndi pamene maganizo ake ankakhota nthawi zonse, ngati munthu wolambalala nyumba ya galu wolusa — kapena anaganiza kamphindi chabe, n'kuzikankhira kumbali, chifukwa mkwiyo unali wokoma kwambiri tsiku limenelo. Koma mng'onoyo sanabwerere. Anangoti zii miyezi itatu, kenako kapepala.

Mayi Sopo anavala diresi lake labwino, ankadziuza kuti sakupita, anatseka chitseko akudziuzabe kuti sakupita. Mumsewu dzuwa linali litakwera, magalimoto akuliza mahutala, ndipo iye ankayeserera mawu. Akanena kuti sopoyo ndi wosapsa, amayi awo owabereka adzati ndi nsanje, monga ankanenera kuyambira ali ana kuti wamkulu safuna kuti mnzake aonekere. Akanena chifukwa chake, ndiye kuti wavomera pamaso pa anthu kuti iye, Mayi Sopo, amene amayi amamudalira ndi khungu la ana awo, anaphunzitsa dala zopweteka — ndipo ndani adzagogodenso pakhomo pake? Akangokhala chete, sopo adzadzinenera yekha, dzina la mng'ono lidzagwa lokha, makasitomala adzabwerera kwa mwini wake weniweni. Zimenezi zinamusangalatsa kwa masitepe angapo chabe.

Tebulolo linali pafupi ndi khomo la sitolo, loyalidwa nsalu yoyera, zidutswa zitasanjidwa ngati njerwa, chilichonse chokulungidwa ndi riboni. Mng'onoyo anali atavala epuloni yatsopano, ataonda, ndipo atamuona nkhope yake inawala ngati ya mwana amene waonedwa pa siteji ya kusukulu.

"Achemwali! Ndimati simubwera."

Anamukumbatira, ndipo Mayi Sopo anaona manja akewo, nsonga za zala zofiira, zong'ambikang'ambika.

"Manjawa bwanji?"

"Aa, ndi nyengoyi. Angoyamba okha."

Mayi Sopo anatola chidutswa chosakulunga chimene anthu ankanunkhiza, anatembenukira ku mashelefu a zitini, n'kuchigunditsa kunsonga ya lilime, monga amayesera sopo wake asanamugulitse. Chinamubaya ngati singano. Malovu anadzaza m'kamwa, analibe polavulira, anameza.

"Mwayamba kudya sopo, achemwali? Njala yake imeneyo!" Mng'onoyo anaseka, amayi awiri amene anali pafupi anasekanso. Kenako anamuyandikira khutu. "Zoti ndekhazo musakwiye nazo, ndimafuna andipatse tebulo. Koma ndinachita zonse mmene munandiuzira. Sindinasinthe kanthu."

Sanasinthe kanthu. Wakuba uyu, wosayamika uyu, amene anaba dzina ndi ntchito ya zaka ziwiri, anamukhulupirira mkulu wake mpaka kusafunsanso munthu wina, kusakayika ngakhale zala zake zikung'ambika — ndipo Mayi Sopo anadana naye chifukwa cha chikhulupiriro chimenecho kuposa chifukwa cha kubako, popeza kuba akanatha kukuulula kwa aliyense, koma ichi chinalibe wochiuza.

Mayi wina wachitsikana anaima patebulo, khanda lili pamkono, dengu la sitolo kudzanja linalo. Anaponyamo zidutswa ziwiri, kenako anazengereza, n'kutembenukira kwa Mayi Sopo, mwina chifukwa cha msinkhu wake, mwina chifukwa cha chidutswa chimene chinali chikadali m'manja mwake.

"Amayi, inu munamugwiritsapo ntchito? Wangayu ali ndi tizilonda m'khosimu."

"Afunseni, ndi achemwali anga," anatero mng'onoyo, akumwetulira, akudikira.

Mtsikanayo anakweza kachibwano ka mwana ndi chala chimodzi kuti amuonetse. M'mapindidwe a khosi khungu linali lonyowa, lofiira, lopyapyala kwambiri moti Mayi Sopo ankaona kamtsempha kakugunda pansi pake, mofulumira, osaima.