Tsiku Limene a Zikhalo Anagwa M'munda

Kwa masiku asanu ndi limodzi a mwezi wa Okutobala, ku Bembeke kunatentha ngati si ku Dedza. Mphepo inali zii. Nkhuku zinkangoyasamula kukamwa pansi pa nkhokwe.

Marita ankalowa ndi kutuluka m'nyumba, maso ali kunjira ya kumunda. Bambo ake, a Zikhalo, a zaka makumi asanu ndi awiri, anali atapita kokagalauza m'mamawa. Chigubu cha madzi anachikana, amvekere cholemetsa. Tsopano dzuwa linali paliwombo, iwo osaoneka.

Mtima utakana, Marita anawalondola. Anawapeza atakhala pakati pa mizere, khasu lili apo. Thupi linali lamoto koma louma, popanda thukuta. Atawafunsa chomwe chikuwawa, anamuyankha zosamveka, kumutchula dzina la malemu mayi ake.

Marita anathamangira kwa a Alufeo, oyandikana nawo nyumba, ndipo awiriwo ananyamula madalawo. Poganiza kuti ndi malungo, anawagoneka m'chipinda nawafunditsa bulangete kuti atuluke thukuta. Malata ankalira ndi kutentha.

Posakhalitsa anafika a Jestina, akazi a a Alufeo, omwe ndi mlangizi wa zaumoyo. Anagwira pachipumi pa wodwalayo.

"Chotsani bulangetelo, tiwatulutse panja msanga," anatero. Kenako anauza amuna awo, "Bambo, kalizeni njinga yamoto."

"Panja? Si malungo amenewa?" anafunsa Marita.

"Malungo akawayeza kuchipatala. Panopa thupi latentha mopyola muyezo. Tikachedwa kuliziziritsa tiwataya."

Anawagoneka pamthunzi wa mtengo wa mapichesi, n'kuwavula malaya. A Jestina anawathira madzi thupi lonse, n'kuika zitenje zonyowa m'khosi ndi m'khwapa. Marita ankawakupiza ndi lichero. Anatenga kapu kuti awamwetse.

"Ayi, dikirani," anatero a Jestina. "Munthu wosokonezeka mutu samwetsedwa, angatsamwe."

Ananyamuka pa njinga yamoto ija atawakulunga chitenje chonyowa, Marita atawagwirira kumbuyo. Kuchipatala malungo sanapezeke. Anawaika diripu, ndipo adokotala anati madzi aja anawapulumutsa.

Atatuluka m'chipatala, a Jestina anabwera kudzawazonda. A Zikhalo anali pamkeka, koma osakhazikika.

"Mayi, ndalima munda umenewu zaka makumi asanu. Dzuwa silinandigwetsepo. Chasintha n'chiyani?"

"Chasintha ndi nyengo, bambo," anayankha a Jestina. "Magalimoto, mafakitale ndi moto wa m'nkhalango zimatulutsa mpweya womwe umaunjikana kumwamba. Mpweyawo umatsekereza kutentha komwe kumayenera kuchoka padziko. N'chifukwa chake ngakhale kumapiri kuno masiku otentha akuchuluka."

"Nanga bwanji sabata ija inaposa zonse?" anafunsa Marita.

"Nthawi zina mpweya wolemera umakhazikika pamwamba pa dera kwa masiku angapo. Mitambo sipangika, mphepo siwomba. Nthaka ikakhala youma, mitengo kulibe, dzuwa limangowotcha pansi. Kutentha kwa lero kumapezana ndi kwa dzulo."

"Ndiye kuti tisiye kulima?" anatero a Zikhalo, atakwinya nkhope.

"Ayi. Thupi limadziziziritsa ndi thukuta, ndipo thukuta limafuna madzi. Madzi akachepa, kutentha kumakwera mpaka kusokoneza ubongo. Okalamba, ana aang'ono ndi amayi oyembekezera ndi amene amayamba kugwa. Limani m'mawa, dzuwa likakwera werukani. Imwani madzi musanamve ludzu. Mukamva chizungulire kapena mutu, pitani pamthunzi."

Marita anawerama. "Ine ndinawafunditsa bulangete."

"Munachita zomwe mumadziwa. Lero mwadziwa zina."

Patapita sabata ziwiri, wailesi inalengeza kuti kutenthanso kwambiri. Marita anadzutsa bambo ake kusanache bwino. Anagalauza limodzi, akupuma pafupipafupi kuti amwe madzi, ndipo 9 koloko isanakwane anali atabwerera. Masana a Zikhalo ankasoka mphasa pamthunzi, akung'ung'udza kuti ntchito ikuyenda pang'onopang'ono. Madzulo dzuwa likapepa, ankabwereranso kumunda. Kutenthako kunatha masiku anayi, ndipo pakhomopo palibe anadwala.

Lamulungu lotsatira, amayi atasonkhana kumapemphero a kumphakati, Marita anapempha mpata wolankhula. Anafotokoza zonse, ngakhale za bulangete lija.

"Kutentha kumapha, amayi anzanga," anatero pomaliza. "Kukatentha, gwirani ntchito m'mawa ndi madzulo, imwani madzi ambiri, ndipo muziwayendera okalamba. Munthu akatentha thupi n'kuyamba kulankhula zosamveka, muikeni pamthunzi, mumuthire madzi, muthamangire naye kuchipatala. Musadikire kuti dzuwa lipepe."