Kalata ya Kabula

Mafoni adalira nthawi imodzi. Sadali ambiri, mwina asanu ndi awiri, koma m'tenti momwe anthu ankamwa tiyi mwakachetechete adamveka ngati wina wagwetsa masipuni pasimenti. Aphunzitsi a ku yunivesite amene adali asanabwerere kwawo adapisa m'matumba, nayang'ana, kenaka adayamba kuyang'anana okhaokha. Mmodzi adaika kapu yake pansi pang'onopang'ono.

Tusajigwe adali atanyamula mbale ya mandasi. Foni yake nayonso idanjenjemera m'thumba la juzi, ndipo adadziwa asanaitulutse n'komwe. Lidali Lolemba, eyiti koloko m'mawa. Pagalasi padali dzina la bambo ake, Ambokile Mwaipasi, amene adawaika m'manda Loweruka ku Tukuyu, kuseri kwa nthochi za agogo.

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Lolemba lililonse, Pulofesa Mwaipasi ankatumiza kalata kwa anthu oposa mazana asanu ndi limodzi, kuyambira ku Kampala mpaka ku Gaborone. Onsewo adali a masamu a mtundu wawo, aja ofufuza pakompyuta yankho loyandikira pamene yankho lenileni silingapezeke ndi cholembera. M'kalatamo munkakhala za misonkhano, malo a ntchito, mwayi wa maphunziro ndi masiku otsekera. Ya tsikuli idayamba monga mwa nthawi zonse: "Anzanga okondedwa, kuno ku Mbeya kwazizira."

Ndipo kudalidi kutazizira. Chifunga chidali chitaphimba phiri lonse.

Bambo Gwakisa, mkulu wake wa malemu, adamuitanira Tusa m'khonde atamva kunong'onezanako.

"Akuti chiyani anthu ophunzirawa? Akuti Ambokile walemba kalata?"

"Anaikonzeratu, bambo aakulu. Nthawi ikakwana imangopita yokha."

"Yokha? Munthu tamukwirira ndi manja athuwa Loweruka, Lolemba akutiuza za kuzizira? Kumene aliko wadziwa bwanji kuti kuno kwazizira?"

Wina m'tenti adaseka, koma kusekako kudathera pakhosi. Amayi ake a Tusa, Mayi Atuganile, adali pamphasa pafupi ndi chitseko. Adangokokera nsalu yawo kumaso.

"Taona, alamu anga achita mantha," adatero Bambo Gwakisa motsitsa mawu. "Chipinda chake chogwiriramo ntchito chija tinati chisatsegulidwe mpaka tsiku logawa zovala. Koma iwe lowamo. Ukatseke pakamwa pa makinawo, ndipo pasatulukenso kanthu m'dzina la m'bale wanga. Wamva?"

"Ndamva."

Tusa sadalowemo nthawi yomweyo. Adapeza makapu oti atsuke, mpunga woti asankhe, alendo oti aperekeze pageti. M'chipindamo ndi momwe bambo ake adagwera Lachinayi masana, ali pampando, ndipo kuyambira pamene anthu adawanyamula palibe adapondamo.

Cha m'ma leveni padafika mtsikana wamtali, wowonda, fumbi la m'basi lili mbuu m'tsitsi. Adagwada pamaso pa Mayi Atuganile nalira mpaka mapewa kugwedezeka. Tusa adaima potero atagwira ketulo, akuchita manyazi, poti iye mwana wobala sadalire chotero ngakhale kumanda. Dzina la mtsikanayo ankalidziwa. Adali Kabula wa ku Shinyanga, wophunzira wa bambo ake, amene dzina lake silinkasowa patebulo la chakudya Tusa akabwera kutchuthi.

Pambuyo pake Kabula adamupeza kuseri kwa nyumba, pampope.

"Asisi, pepani. Basi inatifera ku Singida, n'chifukwa chake sindinawaperekeze Aphunzitsi."

"Mwafika, basi. Zikomo."

Kabula adatenga kapu nayamba kutsukuluza osapemphedwa. Adatsukuluza imodzi yomweyo kwa nthawi yaitali.

"Ndili ndi manyazi kunena izi pamaliro," adatero. "Pali malo ophunzira digiri ya udokotala wa masamu ku Norway, amodzi okha. Aphunzitsi anawalengeza m'kalata yawo mu Epulo. Ndinapempha. Akufuna kalata ya umboni yochokera kwa amene anandiyang'anira pa kafukufuku, ndipo akutseka Lachitatu masana. Aphunzitsi anandiimbira Lachitatu lathali kuti kalatayo yatsala pang'ono. Koma akumeneko akuti sinafike."

Madzi ankasefukira m'beseni. Tusa adatseka mpope.

"Palibe wina angakulembereni?"

"Akufuna ya iwo. Enawo ntchito yanga saidziwa. Mwina ili m'kompyuta mwawo, asisi. Mukanangondionerako."

"Ndiona," adatero Tusa, osamuyang'ana.

Chimene Kabula sankadziwa, chimene Tusa sadauze aliyense panyumbapo, n'chakuti nayenso adapempha malo omwewo. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, atamaliza digiri yake ali patsogolo pa kalasi yonse, adapempha bambo ake kalata yonga yomweyi. Iwo adavula magalasi nati, "Sindingayeze mwana wanga pasikelo yomwe ndimayezera ana a eni." Mwayi uja udapita kwa wina. Tusa adakayamba kuphunzitsa pasekondale ku Iringa, namaliza digiri yachiwiri movutikira, ndipo kuyambira pamenepo iye ndi bambo ake ankangokambirana za mvula ndi za kuthamanga kwa magazi. Ulendo uno adapempha makalata kwa aphunzitsi ena awiri, mwakachetechete.

Adalowa m'chipindamo anthu akudya chamasana. Munkanunkha choko ndi mafuta amene bambo ake ankadzola m'mawondo. Mpando udali utapendekera kumene adagwera. Nsapato imodzi ya m'nyumba idali pansi pa tebulo, inzake pafupi ndi chitseko, ndipo m'kapu tiyi adali atachita nkhungu. Atakhudza kompyuta, idayaka yokha osafunsa mawu achinsinsi, ngati kuti mwini wake wangopita kukasamba m'manja.

Adapeza makalata awiri a Malolemba otsatira atandanda kale. Adawaletsa, nawatumiza kwa mmodzi wa aphunzitsi aja kuti akawafalitse m'dzina lake. Atatseka tsamba limenelo, kuseri kwake kudaonekera lina lomwe lidali chitsegulire. Idali kalata ya Kabula.

Adawerenga ataimirira. "Pa zaka makumi atatu zimene ndaphunzitsa, ndaona ophunzira ambiri odziwa kupeza yankho. Kabula ndi mmodzi mwa ochepa amene amafunsa kuti yankho lawolo lalakwika ndi zingati, ndipo sapuma mpaka atadziwa." Mawu adapitirira chotero, ofunda, onyadira, mawu amene Tusa adawadikira kuyambira ali wa Fomu Wanu akubwera ndi mapepala a mayeso, bambo ake n'kungoloza ndi chala pomwe wataya malikisi awiri. Atafika kumapeto kwa tsamba loyamba, maso adachita chidima. Sadatsikire pa lachiwiri.

"Wazimitsa?" adafunsa Bambo Gwakisa ali kunja kwa chitseko, osafuna kusuzumira.

"Ndazimitsa, bambo aakulu."

"Wachita bwino. Munthu agone."

Kabula adali kudikira pafupi ndi khitchini, manja atawapinda pamimba.

"Sindinaipeze," adatero Tusa. Mawuwo adatuluka mosavuta mpaka iye mwini adadabwa. "Ndipo bambo aakulu aletsa kutumiza chilichonse m'dzina lawo."

Kabula adagwedeza mutu kangapo. "Chabwino, asisi. Zikomo poyesa. Mwina Mulungu sanafune." Adabwerera kukathandiza azimayi kusenda nthochi zophika.

Tsiku lonselo Tusa ankamva ngati pali munthu kumbuyo kwake. Akamadutsa pachitseko cha chipinda chija ankafulumiza mapazi. Wina akakhosomola m'tenti ankatembenuka, poti bambo ake ankayamba ndi kukhosomola kotero akafuna kumuonetsa pomwe walakwitsa. Madzulo dzuwa lisanalowe adapita kukaanula zovala, napeza malaya oyera a bambo ake adakali pachingwe chiyanikire Lachinayi, manja ake akukupiza ndi mphepo. Adawasiya pomwepo.

Lachiwiri m'mawa Kabula adalongedza kachikwama kake. Basi yake inkanyamuka thu koloko. Akutsanzika, Mayi Atuganile adamugwira dzanja namuuza kuti ayambe wadya kaye. Kenaka adadzuka pamphasa, koyamba chibwerereni ku Tukuyu, naitana mwana wawo.

"Tusa, tiye undiperekeze m'chipinda cha bambo ako."

"Alamu, tinagwirizana kuti..." adayamba Bambo Gwakisa.

"Tinagwirizana, alamu. Koma muli kapu yanga m'menemo. Ikufuna kutsukidwa."

Atalowa, mayiwo adatseka chitseko. Adawongola mpando uja, natola nsapato ija pakhomo n'kukaiika pafupi ndi inzake. Kapu sadaikhudze.

"Mwana uja akuti kalata yake sunaipeze."

Tusa adayang'ana kompyuta.

"Lachinayi m'mawa bambo ako anandiuza kuti ndisawaitane kudzadya mpaka atamaliza kalata ya Kabula. Ndiye ine ndikudabwa kuti yapita kuti. Iweyo kunama sunakudziwepo chibadwire, maso ako amakuulula. Tayatsa."

Tusa adakhala pampando wa bambo ake. Udali wozizira. Kalata idaonekera pomwe adaisiyira.

"Magalasi anga ndinawaiwala ku Tukuyu. Undiwerengere."

Adawerenga tsamba loyamba ndi mawu ouma, ngati akuitana mayina m'kalasi. Amayi ake adaima kumbuyo kwake atagwira mpando. Kenaka adatsikira pa tsamba lachiwiri. Padali ndime imodzi yokha, yaifupi.

"Pomaliza, ndiyenera kukudziwitsani kuti mwana wanga, Tusajigwe Mwaipasi, nayenso wapempha malo omwewa. Zimenezi sizinasinthe liwu ngakhale limodzi pa zomwe ndalemba za Kabula. Za mwana wangayo sindiloledwa kunena kanthu, chifukwa ndine bambo wake. Komabe"

Padalibe china. Kutsogolo kwa liwu lomalizalo kamzere kakang'ono kankangophethira, kudikira.

Tusa adachotsa manja patebulo nawaika pamiyendo. "Ankadziwa?"

"Kuyambira mu Meyi. Mmodzi wa amene anakulembera makalata anawayamikira pamsonkhano, osadziwa kuti n'chinsinsi. Anabwera kuno n'kumangozungulira m'khonde sabata yathunthu. Ndinati, 'Si mumuimbire mwanayo?' Iwo akuti, 'Akafuna kuti ndidziwe andiuza yekha.' Inu awirinu, mitima yanu ngati munachita kugawana mwala umodzi."

"Ndiye apa amafuna kunena chiyani, amayi?"

Mayi Atuganile adaweramira pagalasi, ngakhale sankatha kuona zilembo. Adayang'ana nthawi yaitali.

"Sindikudziwa, mwanawe. Ndikanakhala wabodza ndikanakuuza zokoma. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala nawo, ndipo mawu otere ndawamva akuwayamba kambirimbiri. Tsiku lomwe unabadwa anawayamba. Tsiku lomwe unapita ku Iringa anawayamba, basi itanyamuka kale."

"Ndiye ankamaliza bwanji?"

"Sankamaliza. Ankameza."

Panja azimayi a kutchalitchi adayamba nyimbo motsitsa. Tusa adapukuta kumaso ndi mkono wa juzi. Adatsegula tsamba latsopano nalembera akuluakulu a ku Norway mawu ochepa: kuti wolemba kalatayi adamwalira Lachinayi asanaisaine, kuti waipeza pakompyuta yawo, ndipo kuti amene akuitumizayo ndi mwana yemwe watchulidwa m'ndime yomaliza. Adakonza zoitumiza kuchokera ku adiresi yake, osati ya bambo ake, kuti Bambo Gwakisa asamve kuti m'bale wawo walankhulanso.

Asanaiphatikize kalatayo adabwerera pa liwu lomaliza lija. Kamzere kadali kakuphethirabe.

"Ndilisiye?" adafunsa.

"Ukalisiya, azungu aja akaganiza kuti amakupemphera malowo. Iweyo ukuona kuti akanalola?"

Tusa adapukusa mutu. Adaika chala pabatani, nafufuta zilembozo chimodzichimodzi kuchokera kumapeto, mpaka kalatayo idathera pa mawu akuti "chifukwa ndine bambo wake." Adawerenganso ndime yonseyo kawiri, monga akadachitira iwo, napeza pomwe padasowa mpumiro, nauikapo. Kenaka adatumiza.

"Kamuitane mwana uja asanapite," adatero amayi ake. "Umuuze wekha. Zonse."

Tusa adaimirira. Atafika pachitseko adacheuka. Amayi ake adali atakhala pampando uja, kapu ya tiyi ili m'manja mwawo, akuyang'ana pagalasi pomwe padali liwu lija.