Sitima ya Mumgolo

Agnesi atalowa pabwalo anapeza achimwene ake, a Gideon Mbewe, ataweramira mumgolo wa madzi, dzanja lamira mpaka paphewa.

"Odi kuno!"

"Dikirani kaye, yamira," anayankha osatembenuka.

Anavuula kanthu kotalika ngati mkono, kokhomedwa ndi malata a zitini za mafuta ophikira. Anakakhutula madzi, n'kukapukuta ndi malaya omwe anavalawo. Kenaka anayang'ana mlendo uja nthawi yaitali.

"Ndine Agnesi, achimwene. Mwaiwala mlongo wanu?"

"Aa, Agi! Dzuwa ili, mlongo wanga. Likutobwa m'maso."

A Gideon anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu kumigodi, akuyendetsa mapampu otulutsa madzi pansi pa nthaka. Ntchito itatha mu 1992 anabwerera ku Chipata ndi akazi awo a Magalita, n'kupeza kanyumba ku Nabvutika. Ana Mulungu sanawapatse. Chaka chatha a Magalita anatsikira kuli chete, ndipo panyumbapo panatsala bamboyo, mipando iwiri ndi mgolo. Anthu anayamba kunena. Ena ankati a Mbewe amadutsa anzawo osapereka moni. Ena ankati amalankhula ndi mgolo tsiku lonse. Nkhaniyo inayenda mpaka kumudzi ku Kasenengwa, ndipo abale anatuma Agnesi kuti akawatenge.

Agnesi sanali munthu wozungulira. Atangomwa madzi anatula zomwe anadzera.

"Kumudzi akuti mutu wanu wasokonekera. Akuti ndibwere nanu."

"Wasokonekera chifukwa cha sitima iyi?"

"Munthu wa imvi kumasewera ndi zitini ngati mwana wa giledi wani! Onani malaya anu, mabatani mwamanga mopingasa. Nanga nyemba izi, miyala yokhayokha."

Mawuwo anawapweteka a Gideon. Anaika sitima ija pamiyendo ya mlongo wawo.

"Iyi si galimoto ya waya. Ndi sitima yoyenda pansi pa madzi. Mkatimu muli thanki, ndipo pansi pake pali kabowo. Ndikakoka mpweya ndi jekeseni ya ng'ombe iyi, kudzera m'payipi ya dilipi ya kuchipatala, madzi alowa m'thanki, sitima ilemera. Ndikakankha, madzi atuluka, ipepuka. Kumira n'kosavuta, mwala umamira. Kuyandama n'kosavuta, chitsononkho chimayandama. Nzeru ili pakuimitsa pakati."

Anamuonetsa kapayipi kena kowala kamene kanaima pambali pa sitimayo. Mkati mwake munali kamkanda kofiira kamene kankakwera madzi akamachuluka m'thanki, ndipo kunja kwake kunali timizere tisanu ndi kamodzi.

"Levulo ikafika pamzere wachinayi, basi. Osapitirira, osaperewera. Manje timvane. Ikaima pakati pa madzi iwe ukuona, ukawauze kumudzi kuti mutu wa Gideon uli bwino, ndipo undisiye pano. Ikakanika, ndimanga katundu."

"Shuwa?"

"Shuwa."

"Musadzalire. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane."

Anaimiza koyamba. Sitima inakhala pamwamba, inapendama pang'ono, kenaka thi! pansi pa mgolo. Anaivuula. Kachiwiri inangoyandama, a Gideon akuopa kukoka. Kachitatu inamiranso. Thukuta linali kuyenderera m'khosi mwawo, ndipo milomo inkayenda yokha: "Umodzi... iwiri... itatu..." Agnesi anazindikira kuti uku ndiye kulankhula ndi mgolo kumene anthu ankanena.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero a Gideon.

Agnesi anasendera pafupi. Kachinayi anayang'anitsitsa kapayipi kaja. Kamkanda kanadutsa mzere wachitatu, kanadutsa wachinayi, kanafika wachisanu, koma achimwene ake anali akadakoka, maso ali tong'o pamadzi, pakamwa akuti "itatu."

"Mwapitirira! Simukuona?"

A Gideon anasiya kukoka. Sitima inatsika yokha mpaka inagunda pansi. Agnesi anawagwira chibwano n'kuwatembenuzira kudzuwa, monga amachitira ndi ana ake akadwala. M'maso monse muwiri munali mtambo woyera wa ng'ala.

"Chiyambire liti?"

"Zaka zitatu. Pang'onopang'ono."

"Ndiye mizere ankawerenga ndani?"

"Alamu ako, a Magalita. Ankakhala pampando uwo, ine ndili ndi jekeseni. Akati 'basi, a Mbewe,' ine ndasiya. Inkaima, Agi. Tsiku lina inaima mpaka tiyi anazizira. Chipitire iwo ndimangoyerekeza ndi mutu, koma dzanja limanama."

"Bwanji osapempha aneba?"

"Kuti adziwe kuti sindiona? Wamisala anthu amamuopa, sayandikira. Wosaona amamulowera m'nyumba masana."

Agnesi anamva chisoni chachikulu, komanso manyazi. Chaka chathunthu achimwene ake anali kudya miyala m'nyemba, iye ali kumudzi akumvera mabodza. Akanatha kungokhala chete. Sitimayo ikanamiranso kachisanu, lonjezo likanagwira, ndipo mawa lomwelo akanakwera nawo basi. Koma akanakawapereka kwa abale ngati munthu wamisala.

Anakoka mpando uja n'kukhalapo.

"Vuulani. Ndiwerenga ine."

A Gideon anapopera mpweya, anaika sitima pamadzi mosamala, n'kuyamba kukoka.

"Umodzi," anatero Agnesi. "Iwiri. Pang'onopang'ono, musathamange ngati mukukama ng'ombe ya eni. Itatu. Pang'ono... pang'ononso... Basi!"

Chala chinaima. Sitima inabisa msana, inatsika kufika pakati pa mgolo, inagwedezeka pang'ono, kenaka inaima. Siinakwere, siinatsike. Panja anthu ankadutsa ndi zidebe kuchokera kumpopi, wina akukangana ndi wogulitsa makala, koma pabwalopo panali zii.

"Yatani?" anafunsa a Gideon monong'ona.

"Yaima, achimwene."

"Usandinamize pondimvera chisoni."

"Pali Mulungu, yaima pakati penipeni."

Analowetsa dzanja pang'onopang'ono mpaka zala zinakhudza malata, pamwamba pali madzi, pansi pali madzi. Anaseka, misozi ikutsika. Anakhala choncho nthawi yaitali, ndipo Agnesi sanawafulumize.

Atadya, Agnesi anasankha nyemba zonse zotsala m'thumba, anasesa m'nyumba, n'kumanga kathumba kake. Za ulendo wawo sanatchulenso. Mawu anali atapangana, ndipo iye analuza.

"Ndikawauza kuti mutu wanu uli bwino kuposa yawo," anatero. "Za masozi ndikanena mukandilola. Akuti kuchipatala amachotsa ng'ala, koma pamafunika wokudikirirani."

"Ndamva."

A Gideon anamuperekeza. Ankayenda pambuyo pang'ono, akutsata chitenje cha mlongo wawo, ndipo Agnesi anaona kuti pa ngalande iliyonse amayamba afufuza ndi phazi. Atafika pamsewu waukulu, pamene woperekeza amabwererapo, a Gideon anaima. Anatembenukira kumene kunali nyumba yawo. Ankadziwa zimene zikuwadikira: akafika adzagwira jekeseni, adzawerenga okha, ndipo sitima idzamira. Kupambana kwa leroli kunali kwa anthu awiri, ndipo mmodzi anali kukwera basi.

Basi inatulukira pakona, kondakitala akukuwa. Agnesi anasenza kathumba kake.

"Tsalani bwino, achimwene."

"Agi."

"Ee?"

"Alamu anga aja a ngolo kumudzi, ng'ombe zawo zikadalipo?"

"Zilipo. Bwanji?"

A Gideon anakonza kolala ya malaya awo, n'kuyang'ana kumbali.

"Uwauze abwere Lachisanu adzanditenge. Mgolo sungakwere basi."