Mmene Kasidi Anatsekera Nyimbo

Panali patatha masiku asanu ndi anayi Kasidi ali gone m'chipatala, ndipo Tarmuji anali asanamve ngakhale liwu limodzi lochokera kwa iye. Ankaimba foni m'mawa ndi masana, koma inkangolira mpaka kuduka yokha. Ankadziwa bwino kuti munthu wovala chigoba cha mpweya kukamwa sayankhula, koma mtima sumva zimenezo. Wake unkangomuuza kuti mnzakeyo wamukwiyira, ndipo akuyenera kutero.

Mlandu unalipodi. Tarmuji anali dalang, woseweretsa zidole zachikopa pachinsalu choyera, ndipo kwa zaka makumi anayi Kasidi ndiye ankamuimbira ng'oma atakhala kumbuyo kwake. Mliri utabwera, maukwati ndi zisangalalo zinaletsedwa m'midzi yonse yozungulira tauni ya Klaten. Zidole zinayamba kuchita nkhungu m'bokosi. Oimba zida zamkuwa a m'gulu lake anabalalika, wina n'kuyamba kukazinga tempe, chakudya cha soya, pamsewu, wina kuweta abakha. Kenaka Wulandari, mwana wamkazi wa Tarmuji, mphunzitsi amene naye ankaphunzitsa ana asukulu pafoni, anabwera ndi nzeru. Anati oseweretsa zidole ena ayamba kusewera pa intaneti: anthu asanu okha m'chipinda, sewero la maola awiri. Tarmuji anayamba wanyoza kenaka n'kuvomera, monga amachitira amuna onse ouma mutu.

Kasidi yekha ndiye anakana.

"Iwe, ine ndili ndi shuga. Ukufuna undiphe chifukwa cha anthu khumi oonera pafoni?"

"Khumi ati? Wulan akuti amaonera zikwizikwi."

"Zikwizikwi za udzudzu mwina."

"Ndiye andiimbire ndani? Mlamu wako uja womenya ng'oma ngati akupuntha mpunga?"

"Yemweyo. Akuyenerana ndi mawu ako osasawo."

Tarmuji anapita kwa Kasidi katatu. Ulendo wachitatuwo ananena mawu amene tsopano ankamudya mumtima: "Chabwino, khala. Sindimadziwa kuti ukalamba umabwera ndi mantha." Mawa lake Kasidi anatulukira panjinga yamoto, ng'oma kumbuyo, masiki awiri kukamwa. Anasewera masabata atatu. Sabata lachitatu mayi woimba anali ndi kachifuwa kamene onse anati n'kamphepo chabe. Onse asanu anadwala, ndipo anayi anadzuka.

Ngatinem, mkazi wa Kasidi, naye sankaloledwa kulowa m'chipatala. Tarmuji atapita kukamuona, mayiyo sanatsegule geti.

"Alamu, mwamvako chilichonse?"

"Mukufunsa ine? Si inu odziwa nkhani zonse, za milungu ndi za mafumu zomwe?"

"Ndimangofuna kudziwa ngati ananenapo kanthu za ine."

"Munthu akulephera kupuma, ndiye azikamba za inu? Pitani bambo, musandiyambe dala."

Wulandari anatopa kuona bambo ake akusiya mpunga m'mbale tsiku ndi tsiku. Anapeza namwino wina amene anaphunzira naye sukulu, n'kumuchonderera. Namwinoyo anavomera kugwirizira foni pamaso pa wodwalayo kwa mphindi khumi ndi zisanu, Lachiwiri masana, ndipo Ngatinem naye alumikizidwe ali kunyumba kwake.

"Mukangopepesa basi, Ababa," anatero Wulandari. "Mawu awiri okha."

Koma Tarmuji, munthu woti m'sewero limodzi ankayankhula mawu a anthu makumi atatu, analibe mawu akeake opepesera. Anadula thunthu la nthochi lobayapo zidole, anakunga chinsalu pabalaza, anatseka makatani n'kuyatsa nyali dzuwa likuswa mtengo panja. Oimba panalibe, choncho Wulandari anakonza zoika nyimbo za sewero lakale pa sipika.

Foni italumikizana, Tarmuji anatsala pang'ono kufunsa kuti ameneyo ndani. Kasidi wamasaya uja anali atatsala maso okha pamwamba pa chigoba, chifuwa chikukwera ndi kutsika ngati cha nkhuku yothamangitsidwa. Pakona ya foni panali nkhope ya Ngatinem, yaing'ono, yosagwedezeka.

Nyimbo zinayamba. Dalang amalamula oimba ake pogogoda bokosi la zidole ndi kamtengo: apa yambani, apa fulumirani, apa tsekani. Wang'oma ndiye amamva kugogodako n'kutsogolera ena onse. Tarmuji anagogoda kuti nyimbo itsike ayambe kuyankhula, koma sipika ilibe makutu, inangopitiriza phokoso lake. Anagogodanso mwamphamvu, osaphula kanthu.

"Zimitsa chinthu chakocho!"

M'nyumbamo munati zii. Tarmuji anatola zidole ziwiri zanthabwala, chachitali champhuno ngati khasu ndi chinzake chachimimba, zimene zimatuluka pakati pa sewero kudzaseka mafumu ndi oimba omwe. Anazibaya pathunthu zitayang'anizana.

"Achimwene," chinatero champhuno ndi mawu am'mphuno, "mwamva za dalang wopusa uja?"

"Uti? Opusawo ndi ambiri."

"Uja anakoka mnzake wodwala shuga kuti akamuimbire ng'oma."

"Aa, uja wa mawu osasa? Ameneyo ngofunika kumumangirira kumchira kwa njati."

"Akuti akulira masiku ano."

"Alire! Misozi yake ichiritsa ndani?"

Apa mawu anthabwala aja anamuthawa. Anayesa kuwabweza koma pakhosi panatuluka mawu ake enieni, a nkhalamba yamantha. Zidole zinaima chilili pachinsalu.

"Kasidi, sunali wamantha iwe. Ine ndi amene ndimaopa. Ndimaopa kuti ndikakhala osasewera anthu andiiwala. Ndikhululukire, mbale wanga. Ukatuluka uzandimenye ndi ng'omayo pamutu, sindizakana. Ndikanadziwa..."

Anamva kugogoda. Poyamba anayesa ndi vuto la foni. Namwino anatsitsa foniyo pang'ono, ndipo Tarmuji anaona dzanja la Kasidi lili pachitsulo cha bedi, kachipangizo kopanira chala kakumenya chitsulocho. Sikunali kunjenjemera ayi. Tarmuji anawazindikira mamenyedwewo msanga kuposa mmene munthu amazindikirira dzina lake: anali otsekera nyimbo.

Wang'oma satseka nyimbo asanalamulidwe. Pazaka makumi anayi Kasidi anachedwapo, analedzerapo, anagonapo tulo pakati pa sewero, koma zotseka yekha sanachitepo. Ndipo kutseka kuli pawiri. Kulipo kwachangu, kodula nyimbo pakati ngati chikwanje, kwa pamene anthu akangana ndipo nkhondo yayandikira. Kulipo kofatsa, kotsika pang'onopang'ono, kwa pamene mfumu yamva dandaulo ndipo anthu akubalalika mumtendere. Chala cha Kasidi chinkatsika pang'onopang'ono mpaka chinafika pamene belu lalikulu limayenera kulira, n'kuima.

Tarmuji anamvera. Anazula zidole zija, anatola chikopa chooneka ngati tsamba lalikulu n'kuchibaya pakati pa chinsalu, kusonyeza kuti sewero latha. Namwino anati nthawi yakwana, foni n'kuduka.

Kasidi anamwalira Lachinayi m'mawa. Anamuika anthu ovala zoyera thupi lonse, bokosi litakulungidwa m'pulasitiki, abale ataimitsidwa kutali kumsewu. Tarmuji analira, koma pansi pa chisonicho anasunga kanthu kamodzi komutonthoza. Aliyense womufunsa ankamuuza kuti, "Anatseka mofatsa," ngakhale ambiri sankamva tanthauzo lake.

Patapita masiku makumi anayi, atatha mapemphero a maliro amene anabwerako anthu owerengeka, Tarmuji anapeza Ngatinem akutsuka matambula a tiyi kuseri kwa nyumba. Ulendo uno mayiyo sanamuthamangitse. Anamukankhira kampando ndi phazi.

"Alamu, tsiku lija munamva zimene anaimba?"

"Ndakhala ndi wang'oma zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Mukuganiza kuti sindingamve?"

"Kunali kutseka kofatsa."

"Kunali kofatsa."

"Ndiye kuti anandikhululukira."

Ngatinem anaika tambula pansi n'kupukuta manja pansalu yake. Sanayankhule mwaukali, ndipo Tarmuji akanakonda akanakalipa.

"Kaya, alamu. Ine ndakhala ndikuganiza zomwezo masiku onsewa. Namwino uja anandiuza kuti kuyambira Lolemba bambowa samatha n'kukweza supuni komwe. Nanga kwachangu kuja akanakuimba ndi dzanja liti?"



"Mphindi khumi ndi zisanu," mayiyo anapitiriza, akutolanso tambula ina. "Ine ndinali pakona paja kudikira kuti mumalize, mwina ndimuuzeko kanthu mwamuna wanga. Mwinatu amakutsekani kuti ndiyankhuleko ine."

Tarmuji anakhalabe pakampandopo mpaka matambula onse anatha kutsukidwa.