Asilikali a Pilato Ovala Kaunjika

Patatsala masiku anayi kuti Lachisanu Loyera lifike, Fabiano, telala wa pa Kandeu, anatsegula bokosi la zovala za sewero la Njira ya Mtanda. Chiswe chinali chitadya zovala zonse za asilikali a Chiroma.

Mayi Salome, wapampando wa tchalitchi, sanamumvere chisoni. "Bokosilo linali m'nyumba mwanu, bambo. Chaka chino kukubwera mlendo wa ku Amereka, mayi uja anatigulira malata a tchalitchi. Mukatichititsa manyazi, yunifolomu ya kwaya tikasoketsa kwa matelala a ku boma."

Ntchito ya yunifolomuyo ndi imene Fabiano ankadalira kuti apeze feteleza wa mbatata yake ya kachewere. Anathamangira kwa a Yoramu, aphunzitsi a mbiri yakale.

"Aphunzitsi, Aroma akalewo anali anthu otani?"

"Ngati Aamereka a lero. Chizindikiro chawo chinali chiwombankhanga, Aamereka chimodzimodzi. Asilikali mbwee m'maiko a eni. Mabwalo aakulu oonerako amuna akugundana."

"Ndiye kuti ndi zidzukulu zawo?"

"Ayi, amangofanana. Komanso amasiyana. Aroma anali ndi akapolo."

"Aamereka analibe?"

Aphunzitsi anakanda m'mutu. "Anali nawo. Koma Aamereka amavota."

"Aroma sankavota?"

"Ankavota, kenako analeka."

Fabiano anatuluka mutu ukuzungulira, atatolapo chimodzi chokha: amafanana. Tsiku la msika anavundukula mulu wa kaunjika, napeza malaya asanu obiriwira, alionse ali ndi chiwombankhanga pachifuwa. Anawasita mosamala, mtima uli m'malo.

Lachisanu asilikali aja anatulukira akukwapula Yesu ndi zikoti za makungwa a nthochi, ziwombankhanga zikung'anima padzuwa. Mlendo anali pampando wakutsogolo. Mayi Salome anamutsina Fabiano pamkono.

"Mwaveka opha Yesu zovala za kwawo kwa mlendo? Mutu wanu ukuyenda?"

Apa m'pamene Fabiano anaona chimene anachita.

Sewero litatha, mlendo anapita kwa msilikali mmodzi nagwira malaya ake. Anaseka, kenako anapukuta misozi. A Yoramu ankamasulira.

"Akuti malaya awa ndi a timu ya mpira ya kwawo. Malemu amuna awo ankaikonda kwambiri."

"Mayo ine!" anatero Mayi Salome.

"Akutinso kwawo anthu amakangana za nkhani yomweyi, kaya iwo ndi Aroma kaya ayi, ndipo mpaka lero sanamvane."

Mlendo anapinda kolala ya malaya aja, naloza kansalu kolembedwa.

"Akuti malayawa sanasokedwe ku Amereka. Akuti Aromanso zinthu zambiri ankawapangira ndi anthu a m'maiko ena."

"Aphunzitsi, ife tikufuna chimodzi," anatero Mayi Salome. "Akwiya kapena sanakwiye?"

A Yoramu anafunsa, namvetsera nthawi yaitali. "Sindinamve zonse. Koma akuti chaka chamawa musasinthe zovalazi. Ndiponso akufuna telalayu awasokere diresi ya chitenje."

Mayi Salome anamuyang'ana Fabiano kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Lolemba mubwere ndi tepi yanu mudzayeze a kwaya."

Fabiano anathokoza ndi manja awiri. Pobwerera kunyumba anawakoka a Yoramu pambali.

"Aphunzitsi, ngati mayiwa ali Mroma, ine wowasokera diresi ndikhala yani?"

A Yoramu anati, "Mubwere mawa, ndikayambe ndaona m'buku."